Satifiketi Yanga Inayamba Ntchito ku Limbe Ine Ndili ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinaona munthu akumulipirira ndege ndi hotela kuti adzazule waya umodzi.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono m'tauni ya Blantyre, yoika mawaya a makompyuta m'maofesi. Ntchito yanga inali kukwera m'siling'i, kukoka mawaya, kumangirira timitu take, kenako kutsika fumbi ndi zitosi za makoswe zili thoo m'tsitsi. Pa gulu lathu mkazi ndinali ndekha, ndipo poti ndine wochepa thupi, pakapezeka malo opanikiza ankangoti, "Felesiya alowe." Ndinalowa choncho zaka zinayi.

Lolemba lina netiweki ya ofesi ina yaikulu imene tinkaisamalira inaima. Makompyuta ankayaka bwinobwino koma sankalumikizana, moti ntchito yonse inaima. Nditasuzumira m'kabati ya zipangizo za netiweki ndinaona timagetsi ta pa swichi tikuphethira tonse pamodzi ngati tapenga. Swichi ndi kabokosi kamene mawaya a makompyuta onse amakumanako. Ndinalondola mawaya ndi chala mpaka ndinapeza kuti wina anatenga waya umodzi n'kulowetsa mitu yake yonse iwiri mu swichi yomweyo, ndiye uthenga unkangozungulira momwemo osatuluka. Ndinathamangira kwa bwana wathu, a Kamwendo.

"Bwana, vuto ndaliona. Ndiloleni ndizule waya umodzi basi."

"Usakhudze kanthu," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Kabati imene ija ndi ya mainjiniya. Uli ndi pepala iwe?"

Anthu anakhala masiku atatu osagwira ntchito. Lachinayi kunafika injiniya wochokera ku Joni. Anayang'ana m'kabati mphindi zochepa, n'kuzula waya womwewo. Anthu anamuwombera m'manja. Ine ndinaima kumbuyo nditamunyamulira chikwama chake.

Pomuperekeza ku galimoto ndinamufunsa za pepala limene a Kamwendo ankanenalo. Anali munthu wabwino, anandifotokozera. Pali mayeso a za manetiweki odziwika dziko lonse lapansi, umalembera pa kompyuta m'chipinda choyang'aniridwa, ndipo ukakhoza umalandira satifiketi yokhala ndi nambala yako. Koma mayesowo amalipiritsa m'madola. Ndinayesa kusunga ndalama chaka chathunthu. Ndikangoyandikira, kwacha inkagwa, ine n'kubwerera poyambira. Komanso mayeso amenewa safuna kuloweza kokha, amafuna manja ozolowera zipangizo, pomwe kiyi wa kabati a Kamwendo ankayenda naye m'thumba.

Ndinauza amayi za ulendo wa ku Joni tili pakhonde kwathu ku Chimwankhunda. Amayi ndi a ku Nsanje, anabwera m'tauni ndi malemu bambo athu kalekale, koma akakwiya kapena akadandaula Chisena chimatulukabe. Tsiku limenelo chinatuluka chambiri. Pomaliza anangoti, "Mwana wamkazi ku Joni? Pita, koma usakatiiwale." Achemwali anga a Rozi anandipatsa bulangete. Amuna awo, alamu anga a Gilibati, amene ndi mkulu wa mpingo ku Chinyonga ndipo ali ndi kakampani kogulitsa zipangizo za m'maofesi ku Limbe, ndi amene anandipempherera ndisanakwere basi pa Wenela. Anapemphera motalika, dzanja lili pamutu panga. Ndikakumbukira dzanja limenelo lero thupi limandinyerenyetsa.

Za ku Joni anthu amakamba zambiri, koma sakamba za kutopa. Miyezi yoyamba ndinkakolopa m'nyumba za anthu. Tinkagona akazi asanu m'chipinda chimodzi, Amalawi atatu ndi Azimbabwe awiri, aliyense katundu wake kunsi kwa bedi. M'takisi ndinaphunzira kukhala chete, chifukwa ukangotsegula pakamwa amadziwa kuti si iwe wa komweko, ndipo dzina limene amakutchula si labwino. Patapita nthawi ndinapeza ganyu kwa bambo wina woika makamera ndi mawaya m'masitolo. Ankalipira patsiku, ndipo tsiku limene wakwiya sankalipira. Sindikanakamusumira kulikonse, mapepala anga okhalira m'dzikomo sanali olongosoka ndipo iye ankadziwa.

Kuwerenga ndinkakuba m'mipata. Ndinkadzuka anzanga asanadzuke n'kukhala m'bafa ndi buku. M'takisi ndinkawerengera pa foni. Pa nthawi ya nkhomaliro ndinkakhala pa ndowa ya penti n'kumachita masamu ogawa maadiresi a makompyuta pa katoni, mobwerezabwereza, mpaka ndinafika poyankha ndisanagwire cholembera. Lamulungu anzanga akapita ku tchalitchi ndi kukacheza, ine ndinkatsala. Ndinagula marauta awiri akale kwa munthu wina wogulitsa zotayidwa. Rauta ndi chipangizo chimene chimalondolera uthenga kuchoka pa netiweki ina kupita pa ina. Anga aja ankalira ngati chigayo, ndipo mnzanga wa bedi loyandikana, Mai Tendai, ankati, "Malawi, zimitsa ndege zakozo." Koma pa marauta amenewo ndi pamene ndinaphunzira zoona. Ndinkawakonza, kuwasokoneza dala, n'kufufuza chimene ndasokoneza. Palibe amene ankandifunsa ngati ndili ndi pepala.

Mauthenga ochokera kumudzi ankabwera pafupipafupi, ndipo onse ankayamba mofanana: "Muli bwanji kumeneko achemwali," kenako vuto. Denga la amayi likudontha. Mwana wa a Rozi amubweza kusukulu. Kuli maliro ku Nsanje. Ndinkatumiza, sindinakanepo. Koma m'zaka zonsezo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsapo kuti kodi zimene ukuwerengazo ndi zotani. Tsiku lina ndinayesa kufotokozera a Rozi pa foni, ndipo ndili pakati pofotokoza ndinamva akuuza mwana kuti atseke mpopi.

Mayeso oyamba ndinalephera. Amakulowetsa m'kachipinda kozizira, foni ndi chikwama amasunga, kamera ili pamutu pako. Mafunso ukayankha subwereranso. Ndinakakamira pa funso lina lofuna kukonza rauta, nthawi inandithera, otsalawo ndinangoyankha mothamanga. Zotsatira zimatuluka pompo pa sikirini. Ndinatuluka, ndinakhala pa masitepe a nyumbayo, ndinalira ngati kamwana anthu akundilambalala. Ndalama ya miyezi yambiri yokolopa inapita m'maola awiri. Nditaimbira amayi anangoti, "Ndiye ndalama ija abweza?"

Ndinatenga miyezi ina isanu ndi itatu kuti ndilembenso. Ulendo wachiwiri, mawu akuti ndakhoza atatuluka pa sikirini, ndinawawerenga katatu. Satifiketi itabwera ndinaijambula n'kuiponya pa gulupu ya pa foni ya banja lathu. Kunabwera timanja towomba ndi ma "Ambuye alemekezeke" ambirimbiri. Kenako alamu a Gilibati anandilembera paokha.

"Mlamu, watinyaditsa. Tumiza yooneka bwino, yosajambula ndi foni, ndikaisindikize tiike m'fulemu kwa amayi."

Ndinatumiza tsiku lomwelo, mtima uli mbee. Ndinaganiza kuti tsopano andiona.

Ndinakhalabe ku Joni chaka china ndi theka. Satifiketi inandipezetsa ntchito yabwinoko, koma mapepala okhalira anali vuto lomwe lija, ndipo ndinatopa ndi kutembenuka ndikamva galimoto ya apolisi. Nditaona kuti kampani ina ya ku Blantyre ikufuna injiniya wa manetiweki, ndinalembera, anandiitana ku intavyu. Marauta anga ndinawasiyira mtsikana wina wa ku Mulanje amene anali atayamba kuwerenga, ndinakwera basi.

Kunyumba anandilandira bwino, zimenezo sindingatsutse. Nyumba ya amayi inali ndi malata atsopano, pakhonde pali simenti. Satifiketi yanga inalidi pakhoma m'fulemu, pambali pa chithunzi cha bambo. Amayi anandigwira masaya n'kunena kuti ndaonda.

Intavyu inali Lachitatu m'mawa, m'tauni. Anali anthu atatu. Mafunso a ntchito ndinawayankha onse, ndipo ndinaona wamkulu wawo akugwedeza mutu. Koma mayi wina amene anakhala kumapeto, wa magalasi, ankangoyang'ana mapepala anga osalankhula. Pomaliza anafunsa.

"A Felesiya, mwalemba apa kuti zaka zonsezi munali ku Joni."

"Inde, mayi."

"Nanga chaka chatha ntchito ya pa sukulu ya ku Mpingwe munaigwira bwanji?"

Ndinati sindikudziwa sukulu iliyonse ya ku Mpingwe. Mayiyo anati iwo ali m'komiti ya sukulu ina ya sekondale yoyendetsedwa ndi mpingo kumeneko. Makolo anasonkha ndalama zaka zingapo kuti ana akhale ndi chipinda cha makompyuta. Popereka ntchito yoika netiweki, komiti inafuna kampani yokhala ndi injiniya wa satifiketi, ndipo inapambana ndi kampani ina ya ku Limbe. Anatchula dzina la kampani ya alamu anga. Injiniya wake, pa mapepala onse, ndinali ine. Panali satifiketi yanga, nambala yanga, fotokope ya chitupa changa cha unzika, ndi siginecha yonena kuti ntchito ndaiyendera ndipo ili bwino.

"Chipindacho sichinagwirepo ntchito sabata yathunthu," anatero mayiwo. "Takhala tikufunsa kuti injiniyayo abwere, amangotiuza kuti ali ku fiyudi, akugwira ntchito kwina. Lero ndakuonani. Ndiye mwina pepala ili likunama, kapena lija. Ife sitingalembe ntchito munthu tisanadziwe."

Sindikumbuka mmene ndinatulukira. Ndikukumbuka ndili mu minibasi ya ku Limbe, kondakitala akundigwedeza phewa kuti, "Sisteri, ndalama," ine ndikungomuyang'ana. Sindinapite kunyumba. Ndinapita ku Mpingwe kukaona ntchito imene ndinagwira ndili ku Joni.

Mphunzitsi wamkulu, a Nkhoma, bambo wachikulire wofatsa, atamva dzina langa nkhope inasintha, koma ananditsegulira chipindacho. Ndinaona zinthu zimene ngakhale chaka changa choyamba m'siling'i sindikanachita. Mawaya anali otchipa, ena olumikiza pakati ndi tepi. Anawayendetsa limodzi ndi mawaya a magetsi. Panalibe waya ndi umodzi womwe wolembedwa kuti ukupita kuti. Kabati kanalibe, swichi anangoiika pa mpando pafupi ndi zenera, dzuwa likuiwomba. Rauta inali ya m'nyumba, yoyenera banja limodzi, osati makompyuta a kalasi yonse. Makompyutawo anali atawaphimba ndi nsalu.

"Ana a folomu folo alemba mayeso a makompyuta asanazigwiritsepo ntchito mokwanira," anatero a Nkhoma. "Makolo amandifunsa ine."

Loweruka tinakumana ku Chinyonga, kwa a Rozi. Ndinauza amayi kuti nawonso abwere. Sindinadikire kuti tidye.

"Alamu, satifiketi yanga munaichita chiyani?"

A Gilibati anaseka pang'ono n'kutsitsa wailesi. "Aa, za ku Mpingwe? Mlamu, zimenezi ndi zimene aliyense amachita. Tenda imafuna pepala, pepala lili m'banja momwemuno, ndiye ndikabwereke kwa akunja? Iwe unali kutali, silinkagwira ntchito iliyonse."

"Munasaina dzina langa."

"Ndi fomaliti chabe imene ija, kungokwaniritsa mapepala."

"Mwandilepheretsa ntchito! Akakanena kwa eni mayeso, satifiketi imeneyi andilanda. Mukudziwa mmene ndinaipezera? Mukudziwa zimbudzi zimene ndinatsuka?"

A Rozi analowerera. "Felesiya, tsitsa mawu, maneba akumva. Ukulankhula ngati alamu ako anaba. Ndalama imeneyo inathandiza tonse. Malata a kwa amayi ukuganiza kuti anachokera kuti? Zimene unkatumiza zija zikanakwana?"

Ndinatembenukira kwa amayi. Anali atayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. Pomwepo ndinakumbukira kuti fotokope ya chitupa changa ndinaisiya m'sutikesi ya amayi, momwe amasunga makadi a ubatizo.

"Amayi, chitupa changa anawapatsa ndani?"

"Ndine," anatero motsitsa. "Anati n'zothandiza banja. Pepala ndi lako, iwe ndiwe wathu. Ndinalakwa pati?"

Apo ndi pamene ndinapsa mtima kwenikweni. A Gilibati okha sakanandipweteka choncho, akuba ndinakumana nawo ambiri. Koma onse ankadziwa. Chaka chathunthu ankanditumizira mauthenga, kundipempha, kundidalitsa, palibe amene anatchulapo. Kwa a Kamwendo ndinali manja opanda pepala. Kwa abale anga ndinali pepala, ndipo mwini wake akanatha kukhala ku Joni mpaka kalekale osasowedwa.

A Gilibati anati tipemphere kaye kuti mitima itsike. Ndinanyamula chikwama changa n'kutuluka.

Lolemba ndinalemba kalata ku komiti ya sukulu. Ndinanena kuti sindinagwirepo ntchito pa kampani imene ija, siginecha si yanga, ndipo ndinaphatikiza masamba a pasipoti oonetsa kumene ndinali. Ndinanenanso kuti mwini kampaniyo ndi mlamu wanga, chifukwa sindinafune kuti adzamve kwa ena. Kopi ina ndinakapereka kwa mayi a magalasi aja. Ndisanatumize, a Rozi anandiimbira kasanu. Uthenga wawo womaliza unali wakuti, "Ukatumiza, udziwe kuti wapha banja la mchemwali wako." Ndinatumiza.

Komiti inawaitana a Gilibati. Nkhani sinapite ku polisi, anagwirizana kuti agule zipangizo zoyenera ndi ndalama zawo. Ku mpingo anawaimitsa pa ukulu. Ntchito ya m'tauni ija sindinaipeze, anali atalemba kale wina. Ndinachoka kwa amayi n'kukachita lendi kachipinda kumtunda kwa Chimwankhunda komweko, chifukwa m'nyumba muja munthu aliyense wobwera ankandiyang'ana ngati ndine ndinaba. Azakhali ena a ku Nsanje anaimba foni n'kundiuza kuti Joni inandichotsa umunthu. A Rozi mpaka lero tikakumana pa maliro amandipatsa moni wa alendo.

A Nkhoma ndi amene anandiitana patapita milungu itatu. Anati komiti yagwirizana kuti ntchitoyo ndiikonze ine, pa dzina langa, andilipira zochepa zimene angathe. Ndinavomera, osati chifukwa cha chifundo. Sindinkafuna kuti chipinda chimene chija chikhale ndi dzina langa chili mmene chinalili.

Ndinazula chilichonse n'kuyambiranso. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, cha m'ma teni koloko, ndili pamwamba pa makwerero mutu uli m'siling'i, ndinamva mlonda akuti, "Alendo anu." Nditasuzumira pansi ndinaona amayi ataima pakhomo, atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, thukuta lili kamukamu. Anakwera maminibasi awiri kuchoka ku Chimwankhunda, n'kuyenda wapansi chitunda chonse chokwera kusukuluko, chikhalirecho mawondo amawavuta.

Sindinatsike. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mulu wa mawaya akale pakona, mawaya atsopano nditawamanga m'mitolo, waya uliwonse ndi nambala yake, ndi laputopu yanga ili pa desiki ikuthamangitsa mizere ya zilembo.

"Zonsezi ukuzidziwa iweyo?" anafunsa.

"Ndi zimene ndinkawerenga, amayi."

"Ine ndinkayesa pepala lija ndi ngati chiphaso, chongoonetsa pa geti kuti ulowe." Anayang'ananso mawaya aja. "Sindinkadziwa kuti kumbuyo kwake kuli ntchito."

Sanapepese, ndipo ine sindinawauze kuti zatha, chifukwa sizinathe. Mkwiyo ndikadali nawo mpaka pano pamene ndikulemba. Ndinapita kutali kukaphunzira kuti anthu a kwathu andione, ndipo zinatengera kuti ndiwononge mtendere wa banja lonse kuti munthu mmodzi yekha akwere chitunda kudzaona chimene ndimachita.

Makwerero anagwedera pang'ono pamene ndinkafikira waya wakutali. Amayi anaponya kachikwama kawo pansi n'kuwagwira ndi manja awiri.

"Gwirani zolimba," ndinatero. "Kwatsala mawaya khumi ndi awiri."